Bifurcate ndi pawiri basi, osati panayi

Anthu ena mumatopetsa ndithu. Lero pagulu la WhatsApp la kuntchito bwana wina walemba kuti ofesi yathu ichita bifurcate n'kukhala magulu anayi. Anayi! Ndiye anthu ali kalikiliki kuyamikira ngati munthu wanena zakupsa. Ine mtima wangoti phwii.

Mawu amenewa amatanthauza kugawikana pawiri. Pawiri basi. Anachokera ku Chilatini, komwe bi ndi ziwiri ndipo furca ndi mphanda, furca yemweyo amene anabala mawu akuti fork. Bi ameneyu ndi yemwe uja ali mu bicycle. Inu bwana, munaionapo njinga yakapalasa ya matayala anayi?

Kafunseni adokotala. Kholingo likafika m'chifuwa limachita mphanda, nthambi ina kulowera ku phapo lakumanja, ina lakumanzere, ndipo iwo amati bifurcation. Mtsempha waukulu wa aorta nawo ukafika m'munsi mwa mimba umagawikana pawiri kulowera kumiyendo, ndipo miyendoyo ndi iwiri. Lilime la njoka lili ndi nsonga zingati? Ziwiri. Mtsinje wa Orinoco ku Venezuela umapatukana, madzi ena n'kutsata nthambi yotchedwa Casiquiare mpaka kukathira mu mtsinje wa Rio Negro, ena n'kupitiriza ulendo wawo wa kunyanja. Njira ziwiri. Ku India mu 2014 atadula chigawo cha Andhra Pradesh n'kupanga Telangana, nyuzi za kumeneko zinkati bifurcation chifukwa pa chigawo chimodzi panatuluka ziwiri. Paliponse pamene mawuwa akhala pamalo pake, mukawerenga mupeza ziwiri. Osati zitatu, osati zinayi, osati "zingapo".

Ngati nthambizo ndi zitatu, Chingerezi chili ndi trifurcate. Ngati zachuluka mbwee, pali ramify, ochokera ku ramus, kutanthauza nthambi. Nanga divide ndi split anakulakwirani chiyani? Mwana wa pulayimale amawamva, ndipo sakanakuyalutsani chonchi.

Kaya ndi aphunzitsi anu, kaya mumangokopera pa intaneti, izo n'zanu. Safunsa anadya phula. Dikishonale ili pafoni yomwe mwalembera uthengawo, koma kuitsegula ayi, mukuopa kuti ukulu uchepa.

Chondinyansa kwambiri n'chakuti ukati uwakonze mwaulemu, amakuyankha kuti bola uthenga wamveka. Wamveka kwa ndani? Mnzathu wina wandiimbira kufunsa ngati magulu ali awiri kapena anayi, chifukwa iye tanthauzo lake amalidziwa. Amene akudziwa ndi amene mwamusokoneza, osadziwa ndi amene akuombera m'manja.

Ndipo ndi anthu omwewa amene pamsonkhano uliwonse sangatseke pakamwa osanena ramifications, kutanthauza zotsatira. Munthu wachedwa pang'ono, ramifications. Inki yatha mu printa, ramifications. Ukawafunsa kuti zotsatira zake ndi ziti makamaka, amayamba kuyang'ana wotchi.