Rapamycin amafooketsanso chitetezo cha m'thupi

Nkhani ina yomwe ndawerenga yatamanda rapamycin ngati mankhwala ochedwetsa ukalamba, koma yasiya mfundo yofunika. N'zoona kuti mu 2009 ofufuza a ku America anapeza kuti mbewa zokalamba zomwe zinapatsidwa mankhwalawa zinakhala ndi moyo wautali kuposa zinzake. Mankhwalawa amaletsa puloteni yotchedwa mTOR, motero maselo amachepetsa kukula n'kuyamba kuphwanya zinyalala za m'kati mwawo. Komatu zimenezo ndi mbewa. Kwa anthu, madokotala amawapereka kwa odwala omwe aikidwa impso ya munthu wina, chifukwa amafooketsa chitetezo cha m'thupi kuti lisakane impsoyo. Kwathu kuno, komwe TB ndi malungo zili ponseponse, ndikuopa kuti wina awerenga nkhaniyi n'kukawagula pa intaneti. Alembi, chonde onjezerani chenjezo limeneli.