Kudwala kwasanduka mlandu ku khonsolo?

Ndakwiya, ndipo lero sindibisa mawu. Alamu anga amagwira ntchito ku khonsolo ina, ku ofesi ya mapulani, kuja mumapititsa mapepala a nyumba kuti akudindireni musanayambe kukumba maziko. Atha zaka 6 ali pomwepo. Mwezi wathawu anagwidwa ndi chibayo atanyowa ndi mvula tsiku lonse akuyeza mapuloti. Anagonekedwa m'chipatala masiku 9, adokotala n'kuwalembera kalata yoti akapume kunyumba sabata ina imodzi. Kalatayo ndinakapereka ku ofesi ndine ndemwe, ndi manja angawa. Kutha kwa mwezi, malipiro abwera oduka. Kufunsa, akuti masiku amene simunabwere tachotsa.

Tachotsa! Munthu anali pabedi akupuma mobanika, inu mukuwerenga masiku ngati anapita kukazinga mbewa kumudzi. Kodi chibayo munthu amachita kuitanitsa? Amachita kulembera kalata kuti bwera undigwire sabata ya mawa?

Ndiye musamati ndikungolalata. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000, gawo 46, likunena mosapita m'mbali: amene wagwira ntchito miyezi 12 yotsatizana, akadwala ayenera kupuma masabata 4 akulandira malipiro onse, ndi masabata ena 8 akulandira theka, chaka chilichonse, bola kalata ya dokotala ilipo. Alamu anga sanakwanitse n'komwe masabata atatu. Kalata inalipo. Nanga mwadula chiyani? Ndalama imeneyi si chithandizo ayi, si chifundo cha bwana, si mphatso ya Khirisimasi. Ndi yawo. Khonsolo yomwe imatigwetsera mipanda ponena kuti lamulo ndi lamulo, ikafika pa wantchito wake lamulo lija laiwalika.

Akuti ndalama za m'misika sizikutoleredwa mokwanira. Zimenezo n'zanu, wodwala sizikumukhudza.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti anzawo mu ofesimo aona, ndipo aphunzirapo. Mawa wina malungo akamugwira adzamwa panado n'kubwera akunjenjemera, kuopa kudulidwa. Wa chifuwa adzabwera kudzatsokomolera anzake ndi anthu odzadinditsa mapulani. Ndiye munthu mutu ukuwaza, maso ali psuu, ndi amene aone ngati nyumba yanu yosanja ili ndi maziko okwanira? Mwalanga munthu chifukwa chodwala, basi. Palibe dzina lina. Kudwala mwakuyesa kujomba.

Inu a ku akaunti amene munagwira cholembera n'kuchotsa masikuwo, thupi lanu ndi lachitsulo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndawauza alamu kuti apite ku ofesi ya zantchito, zikakanika kubwalo la Industrial Relations Court, koma akukana. Akuti andiona ngati wovuta, andisamutsa. Taonani mmene mwawaopsezera anthu, kupempha chawo chomwe akuchita manyazi ngati akupempha mchere kwa aneba.

Komanso tinene, anthu omwewa mumawatuma kumapuloti opanda jombo, opanda chodzitetezera kumvula, galimoto akuti ilibe mafuta, akwere kabaza ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Koma ikangomveka semina ya kunyanja, mafuta apezeka tsiku lomwelo, ma alawansi asainidwa dzuwa lisanalowe.