Jekete ya ku Joni imene ndinatumizira mng'ono wanga

Ndafika kwathu kuno ku Kasungu sabata yatha. Nditangotsika basi padepoti, anyamata a kabaza anandizungulira, aliyense akulimbirana chikwama changa. Anayi mwa iwo anali atavala majekete akuda onyezimira, ena atayamba kale kusendeka m'khosi ndi m'mapewa ngati njoka yofundula. Mmodzi mwa anayiwo anali mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi, ndipo jekete imene anavalayo ndinamugulira ndine. Iye anali kumwetulira, akuikonzakonza kuti ndione kuti akuisamala. Ine mtima unangoti myuu, chifukwa pansi pa malaya anga, kuyambira paphewa mpaka pachigongono, pali bala limene silinapoleretu, ndipo ndinalitenga nditavala jekete yofanana ndi imeneyo.

Ndakhala ku Joni kuyambira 2017. Ndinayamba ndi ntchito ya m'gadeni, kenako ndinalowa yoperekera anthu zakudya panjinga yamoto, ntchito imene yadzaza ndi ife alendo: Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Congo ndi ena. Njinga si yanga. Mwini wake amafuna ndalama yake sabata ndi sabata, kaya wagwira ntchito kaya wagona ndi mabala. Amene sanafikeko sadziwa kuti Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Panjinga usiku mphepo imalowa mpaka m'mafupa, zala n'kukanika kugwira buleki.

Kuzizira kumeneko n'kumene kunandilowetsa m'shopu ina m'katikati mwa tauni mu Juni chaka chino. Majekete anali atapachikidwa mpaka kudenga. Wogulitsa anandionetsa kansalu ka m'khosi kolembedwa kuti Genuine Leather, anayatsa laitala n'kudutsitsa moto pamkono wa jekete mwachangu, n'kundiuza kuti taona, siyikupsa, ndi chikopa chenicheni, a njinga onse amagula pompano. Ndinamufunsa mwachindunji ngati ingateteze munthu akagwa. Anavomera akundiyang'ana m'maso. Mtengo wake unali R450. Ndinagula ziwiri, yanga ndi ya mng'ono wanga amene amayendetsa kabaza kuchokera paboma kupita ku Mtunthama ndi ku Chamama. Yakeyo ndinalipirira thiransipota, inadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowera pa Dedza. Amayi anandiimbira foni akuthokoza kuti mwananga, wamuveka m'bale wako, tsopano tigona tulo.

Mu Novembala mvula yoyamba itagwa, msewu ukuterera, maloboti atazima, galimoto ina inakhota patsogolo panga osapereka chizindikiro. Sindinali kuthamanga kwambiri. Ndinagwira buleki, njinga inatsetsereka, ine n'kugwera kumanzere. Jekete ija sinalimbe ngakhale kamphindi. Msoko wa paphewa unatseguka wonse, mkono wake unakwinyikira m'mwamba, ndipo pamene panakhudza msewu pulasitiki inanyotsoka n'kusiya kansalu kopyapyala konga ka chiguduli. Khungu langa ndi limene linamaliza ulendowo. Kuchipatala anatha nthawi yaitali akuchotsa timiyala ndi tizidutswa takuda m'balamo. Ululu wa kutsukako sindidzauiwala. Masabata atatu ndinakhala m'chipinda osagwira ntchito, lendi ikundidikira, mwini njinga akuimba foni, kuno kumudzi akudikira ya feteleza.

Nditayamba kuyenda ndinabwerera kushopu kuja ndi jekete yong'ambikayo m'jumbo. Munthu yemwe uja, amene anandiyang'ana m'maso, anandiuza kuti sakundikumbukira. Anandilozera chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Nditakweza mawu, anati ngati ndili ndi mlandu ndipite kupolisi, ndipo ananena akuseka, chifukwa kalankhulidwe kanga kanali katamuuza kale kuti ndine mlendo. Apa ndi pamene pamandiwawa kuposa bala. Dziko lija lili ndi lamulo loteteza ogula la 2008, limene limalola munthu kubweza katundu wosayenera ntchito yake pasanathe miyezi 6, ndipo chikwangwani cha pakhoma sichiposa lamulo. Ine miyezi 6 inali isanakwane. Koma ogulitsa otere amadziwa kuti mlendo, kaya mapepala ake ali bwino kaya ayi, safuna kuyandikira ofesi iliyonse, amaopa kuti nkhani ya jekete isanduka nkhani ya pasipoti. Ndiye amatidyera pomwepo. Ndalama yathu amailandira ndi manja awiri, koma tikabwera ndi dandaulo timasanduka makwerekwere, dzina lonyoza limene amaitanira alendo.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire wa ku Zimbabwe amene amasoka zikwama ndi mipando ya njinga pafupi ndi pamene timadikirira maoda. Anatenga jekete yanga, n'kung'amba nsalu ya m'kati, n'kundionetsa kuseri kwa chimene ndinkachitcha chikopa. Kunali ulusi wolukanalukana. Anati iyi ndi PU, nsalu yopakidwa pulasitiki pamwamba, yodindidwa timakwinya kuti ioneke ngati khungu la nyama. Anandiuzanso za mtundu wina woipa mofanana: amatenga nyenyeswa za zikopa, n'kuzipera, n'kuzisakaniza ndi guluu, n'kuzimata pansalu. Fungo la chikopa limamveka ndithu, koma mphamvu mulibe. Za moto wa laitala anangopukusa mutu. Lawi lodutsa mwachangu chotero silitsimikizira kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinachita manyazi, ndipo ndikuchitabe. Ife a ku Kasungu tinakulira pang'ombe ndi ngolo. Tinaona akuluakulu akusenda, akuyanika, akukunga ng'oma. Chikopa timachidziwa kulemera kwake, fungo lake, ndi kuseri kwake kokhakhala kwaubweyaubweya. Koma tikangofika m'shopu ya magetsi owala, kansalu kachizungu kakalendewera m'khosi, nzeru zonse za kwathu timazisiya pakhomo. Makolo anati safunsa anadya phula. Kwa ife a njinga zinthu zimatembenuka, phula ndi limene limadya munthu.

Taganizani bwino, abale anga. Njinga ikamathamanga makilomita 60 pa ola, pa sekondi imodzi yokha imadutsa mamita pafupifupi 17. Ukagwa, thupi limapitiriza ulendo womwewo likukhwekhwerezeka, msewu ukulipera ngati mapira pamphero. Chimene chili pakati pa khungu lako ndi msewuwo chiyenera kupirira kuperedwako mpaka utaima. Pulasitiki siyipirira, imatentha n'kunyotsoka. Ngakhale chikopa chenicheni si chonse chimene chingathe. Majekete ambiri otchena nawo ndi a chikopa cha nkhosa, chofewa bwino m'manja, chopyapyala kosafika milimita imodzi. Amenewo ndi a kuukwati ndi kutchalitchi. Jekete yosokedwera njinga kawirikawiri imakhala ya chikopa cha ng'ombe chochindikala mamilimita 1.2 mpaka 1.4. Ngati mulibe choyezera, khadi la kubanki ndi lochindikala mamilimita 0.76. Phatikizani makhadi awiri, mugwire pakati pa zala, kenako mugwire chikopacho pamalo pamene sichinapindidwe. Chikakhala ngati khadi limodzi lokha, chisiyeni.

Ndipo chikopa chokha sichikwanira. Yanga ija inayambira kugonja pamsoko. Jekete yotchipa amaisoka ndi mzere umodzi wa ulusi wamba, ndipo nthawi zambiri amalumikiza tizigamba tambirimbiri kuti zotsala zisatayike. Msoko uliwonse ndi khomo limene msewu ungalowerepo. Ya njinga imakhala ndi zigawo zikuluzikulu, misoko yobwereza, ina yobisika m'kati kuti msewu ukadya ulusi wakunja wam'katiwo ugwirebe. Mikono yake imathina pamkono ndi zipi kuti isakwinyikire m'mwamba ngati mmene inachitira yanga. Kumsana imatsika mokwanira kuti ukawerama pachiwongolero chiuno chisakhale pamtunda. M'zigongono, m'mapewa ndi kumsana mumakhala matumba oikamo zotchinjiriza, chifukwa chikopa chimateteza kusupuka koma sichiletsa fupa kumenyeka.

Ku Ulaya anaika muyezo wa zovala zimenezi, EN 17092, ndipo jekete yoyesedwa imakhala ndi kansalu m'kati kojambulidwa munthu ali panjinga yamoto, ndi zilembo AAA, AA kapena A. AAA ndiyo yolimba koposa. Zotchinjiriza za m'zigongono ndi m'mapewa zili ndi nambala yake, EN 1621-1, za kumsana EN 1621-2. Zilembo zokha musazikhulupirire ndi mtima wonse, chifukwa amene ananama kuti pulasitiki ndi chikopa sangalephere kusokerera kansalu kabodza. Koma jekete imene ilibe chilichonse mwa zimenezi, ilibe ngakhale matumba a zotchinjiriza, wogulitsa n'kumalumbira kuti ndi ya njinga, dziwani kuti akukunamizani.

Tsono mkwiyo wanga suli pa wogulitsa yekha. Uli pa ife tomwe a ku Joni. Timadziwa kuti kuno chinthu chikangotchedwa cha ku Joni palibe amene amachifunsa. Timagula zotchipa zodzaza chikwama kuti tikafika tioneke kuti zikutiyendera, ndipo ena mwa ife asandutsa geni: amaoda majekete apulasitikiwa n'kumagulitsa kwa anyamata a kabaza pamtengo wowirikiza, akuwauza kuti ndi achikopa. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mnyamata wa kabaza amakhetsa thukuta masiku ambiri kuti apeze ndalama ya jekete imodzi. Akaigula amaona ngati wavala chishango, ndipo amawonjezera moto pa M1 polowera ku Chinkhoma, pakati pa mathiraki, ngolo, mbuzi ndi ana asukulu. Wovala malaya wamba amadziwa kuti alibe chomuteteza, amayenda mwamantha. Wovala bodza ndiye amene ali pangozi yaikulu. Ife amene tinalawa kunyozedwa kunja, tingabwere kudzachita zomwezo kwa ana a amayi athu?

Ndili chigonere ku Joni ndinamuimbira mng'ono wanga kuti aivule. Anandiyankha kuti, "Achimwene, makasitomala amandisankha chifukwa cha jekete imeneyi, amati ndimaoneka wadongosolo. Ndikaivula ndivala chiyani?" Funso limenelo linali loona, ndipo ndinalibe yankho. Jekete yeniyeni yatsopano ku Joni ndi masauzande a marandi, ndalama imene ngakhale ine ndilibe. Palinso kutentha. Ndani angapirire chikopa cholemera mu Okutobala masana pamsewu wa ku Santhe? Sindikunena kuti chotchipa chilichonse n'choipa. Ndikunena kuti chotsika mtengo chimene chingakuteteze chimapezeka pakati pa zakale zenizeni, osati pakati pa zatsopano zonyezimira. Ndipo ngati ndalama ndi yochepa, yambani ndi chipewa chabwino chomanga lamba pachibwano, kenako magolovesi, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza manja, ndi nsapato zotseka m'malo mwa patapata amene ndikuona anyamata akupondera magiya.

Loweruka ndinamutenga mng'ono wangayo kupita naye pakaunjika. Ndinavula malaya kuseri kwa benchi n'kumuonetsa balalo kuti aone ndi maso ake. Sanayankhule kanthu. Tinafufuza milu itatu, tikununkhiza, tikukweza m'manja kuti timve kulemera, tikusuzumira kuseri kwa nsalu ya m'kati pamene yatoboka. Mayi wogulitsa anayamba kutopa nafe, akuti, "Bambo, mukufuna jekete kapena mukufuna ng'ombe?" Ndinawauza kuti mayi, ndikufuna ng'ombe imene. Yambiri inali pulasitiki yomwe ija, ina ya nkhosa. Pansi penipeni tinapeza imodzi yakuda yosuluka, yolemera, yokalika paphewa, yokhala ndi zipi pamikono ndi matumba a zotchinjiriza, ngakhale zotchinjirizazo munalibe. Sinali yokongola, n'chifukwa chake inatsalira. Tinapita nayo kwa wosoka nsapato kuti abwereze ndi ulusi wake wolimba pamene msoko unayamba kumasuka kukhwapa.

Mng'ono wanga akudandaula kuti ndi yolemera ndipo anzake pasiteji akumuseka kuti wavala ya agogo. Ndamuuza kuti aziivala m'mawa, madzulo ndi paulendo uliwonse wa pa phula, ndipo kukatentha azitsegula zipi pang'ono koma asaivule. Amayi sakumvetsabe chifukwa chimene ndamulandira mwana wawo, kumulanda jekete yokongola n'kumupatsa yosuluka, ndipo bala langa sindinawaonetse. Zotchinjiriza za m'zigongono ndi kumsana ndikazifuna kwa bambo wa ku Zimbabwe uja ndikabwerera mu Januwale, ndidzazitumiza ndi munthu amene ndikumudziwa. Yonyezimira ija ili m'chikwama changa. Ndaopa kuisiya pakhomo, chifukwa ndikangokwera basi wina aitola n'kukwera nayo njinga.