Dzina lokha ndi la Afrika, eni ake anali a Hitler

Dzulo ndinakwiya m'minibasi ndipo mpaka pano mtima sunatsike, ndiye mundilole ndilankhule.

Ndinakhala moyang'anizana ndi mnyamata wina wa zaka ngati 20, wooneka wanzeru ndithu, foni ili m'manja. Anavala tisheti ya mtundu wa mchenga. Pachifuwa panali mtengo wa kanjedza, pathunthu pake kamtanda kopindika nsonga kaja ka chipani cha Hitler, kotchedwa swastika, m'munsi mawu akuluakulu: AFRIKA KORPS. Ndinayesa kuyang'ana pawindo koma maso ankangobwerera pomwepo. Ndinamufunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, mwavalazi mukuzidziwa?" Iye akumwetulira, "Eee mdala, amenewa anali asoja athu a mu Africa muno, ankakwapula azungu m'chipululu. Bwana wawo ankamutcha Nkhandwe. Ndinaonera pa TikTok."

Athu! Asoja athu! Ndinachita kugwira pakamwa. Kondakitala n'kumati, "Asiyeni mdala, ndi kaunjika basi." Siteji yanga inakwana ndisanamalize kumuuza, ndiye zotsalazo muzimva ndinu.

Afrika Korps silinali gulu la anthu a mu Africa. Linali gulu la akasinja la dziko la Germany pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, lotumidwa ndi Adolf Hitler, lodyetsedwa ndi Hitler, ndipo msilikali aliyense mmenemo anali atalumbira kuti adzamvera Hitler. Mwina chilembo cha k chija ndi chimene chakupusitsani, mumvekere kalembedwe kathu aka. Ajeremani nawonso amalemba Afrika ndi k. Analitcha choncho chifukwa ndi kumene analitumiza, basi. Kodi mbava ikalemba dzina la mudzi wanu pachikwanje chake, yasanduka m'bale wanu?

Ndipo mukudziwa chimene anadzera? Anabwera kudzapulumutsa mtsamunda mnzawo. Libya anali m'manja mwa Italy kuyambira 1911. Pofika kumayambiriro kwa 1941 asilikali a Mussolini, mtsogoleri wa Italy, anali atathyoledwa msana ndi Angelezi, pafupifupi 130,000 atagwidwa ukaidi, ndipo Hitler anaona kuti mnzakeyo ataya Libya yense. Ndiye pa 12 Febuluwale 1941 Erwin Rommel, bwana wa gululi amene ankamutcha Nkhandwe uja, anatera ku Tripoli, akasinja akutsatira pasitima. Libya amene ankadzamusungira Mussolini ndi uti? Ndi yemwe uja Ataliyana anapachikako Omar Mukhtar mu 1931, nkhalamba ya zaka zoposa 70, pamaso pa anthu ake omwe, mlandu wake kukana kulamulidwa ndi mlendo. Ndi yemwe uja anthu a ku Cyrenaica, kum'mawa kwa dzikolo, anatsekeredwa m'misasa ya waya waminga n'kumafa ndi njala ndi matenda. Umodzi mwa misasa imeneyo unali ku El Agheila, malo omwewo amene Rommel anayamba kulanda mu Malichi 1941 n'kuwabwezera kwa Ataliyana. Amenewo ndiye asoja anu? Amenewo ndiye omasula Africa?

Nkhandweyo nayonso tiyeni tiiwone bwino. Hitler atalowerera dziko la Poland mu 1939, amene ankatsogolera gulu lomulondera anali Rommel yemweyu. Anali mwana wapamtima, ndipo amene anamukwezera pamwamba ndi makina ofalitsa nkhani a Goebbels, nduna ya Hitler, ojambula akumutsatira paliponse, magalasi otchinga fumbi ali pachipewa. Zithunzi zimene mukugawana lerozo zambiri zinajambulidwa n'cholinga chomwecho, kuti munthu aziona n'kumati eee koma uyu ndi katswiri. Patha zaka zoposa 80 ndipo nyambo yomweyo ikukolabe, pano yakola mwana wa ku Malawi m'minibasi. Komanso gulu lenilenilo Rommel analitsogolera miyezi yochepa chabe, mu Ogasiti 1941 anakwezedwa kukhala woyang'anira magulu ambiri. Ena mwa amene anabwera pambuyo pake ndi Ludwig Crüwell, Walther Nehring, Wilhelm von Thoma, womaliza Hans Cramer. Tawerengani mayinawo mokweza, mundiuze ngati mwamvamo mwana wa mu Africa.

Sindikukana kuti ankadziwa kumenya nkhondo. Ankadziwa. Magulu awo awiri a akasinja, la nambala 15 ndi la nambala 21, anawasowetsa tulo Angelezi. Mfuti yawo ya mamilimita 88, imene inapangidwira kugwetsa ndege, ankailozetsa pansi n'kumaboola akasinja a adani ali patali. Ngakhale Churchill, nduna yaikulu ya Britain, anamutamapo Rommel m'nyumba ya malamulo mu 1942. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Luso lake linali lotumikira ndani? Mfiti ikamadziwa kuuluka timaiwombera m'manja?

Mukufuna kudziwa kumene munthu wakuda anali pankhani imeneyi? Bwerani ku Tobruk. Mzinda wa padoko umenewu unagwa pa 21 Juni 1942, ndipo tsiku limenelo ndi limene okonda Rommel amalinyadira kwambiri, chifukwa ndi limene linamupatsa udindo wapamwamba zedi pa usilikali. Anagwira akaidi oposa 30,000, ndipo oposa 10,000 mwa iwo anali a ku South Africa. Pakati pawo panali anthu akuda, amene boma lawo lomwe linkawamana mfuti, linkangowatuma kunyamula ovulala, kuyendetsa malole ndi kukumba. Atagwidwa anawapatula kwa azungu n'kuwatuma kukatsitsa katundu wa nkhondo m'sitima padokopo, dzuwa likuswa mtengo, chakudya chochepa. Mmodzi mwa iwo anali Job Maseko wa ku Springs. Bambo ameneyu anatola kachitini ka mkaka, anathiramo wonga umene anautokosola m'zipolopolo, anakabisa pakati pa migolo ya mafuta m'sitima ina imene ankaitsitsa katundu, n'kuyatsa chingwe. Sitimayo inapsa n'kumira. Kenako anathawa kudutsa chipululu mpaka anakumana ndi anzake. Anapatsidwa mendulo, nkhondo itatha anabwerera kwawo kukakhala moyo wa usiwa, n'kumwalira mu 1952.

Ameneyo ndiye munthu wa mu Africa pankhaniyi. Anali mbali ina ya waya, ndipo ovala kanjedza aja ndi amene ankamulondera ndi mfuti. Tsono iwe mwana wakuda ukudzikoleka chizindikiro cha womulondera, dzina la Maseko sunalimvepo n'kamodzi komwe. Safunsa anadya phula.

Zoti ankakwapula azunguzo, inde, azungu ankakwapula azungu anzawo pabwalo la eni ake, polimbirana ngalande ya Suez ndi mafuta a kutsidya kwake. Ndipo mapeto ake anakwapulidwa ndi iwo. Ku El Alamein, m'dziko la Egypt, nkhondo yaikulu inayamba pa 23 Okutobala 1942, Montgomery, mkulu wa asilikali a Angelezi, ali ndi akasinja oposa 1,000. Pofika masiku oyamba a Novembala, Afrika Korps inatsala ndi akasinja oyenda ngati 35. Hitler ali kutali anatumiza lamulo loti asasunthe, apambane kapena afere pomwepo. Pa 4 Novembala von Thoma, mkulu wa gulu lonselo, anagwidwa pabwalo la nkhondo. Chinawagwetsa n'chodziwika, mafuta analibe, sitima zawo zinkamizidwa panyanja, ndipo inu amene munagonapo pamzere ndi chigubu mukudziwa kuti galimoto yopanda mafuta ndi chitsulo chabe. Anathawa mtunda woposa makilomita 2,000 mpaka ku Tunisia. Pa 9 Malichi 1943 Nkhandwe ija inakwera ndege kubwerera ku Ulaya, sinapondenso mu Africa. Anyamata ake anakweza manja mu Meyi chaka chomwecho, Ajeremani ndi Ataliyana pamodzi pafupifupi 250,000. Zaka ziwiri ndi miyezi itatu, nkhani yonse n'kuthera pamenepo. Rommel mwiniwake Hitler anamumwetsa poizoni mu Okutobala 1944 pomuganizira kuti ankadziwa za chiwembu chofuna kumupha. Ndiwo malipiro a bwana amene ankamugwirira ntchito.

Ena mundiuza kuti koma nkhondo ya m'chipululu inali yaukhondo, yopanda chidani. Yaukhondo kwa ndani? Kafunseni Ayuda a ku Tunisia. Ajeremani atalowa m'dzikomo mu Novembala 1942, kumbuyo kwa asilikali kunabwera gulu la SS, apolisi ankhanza a chipani cha Hitler, lotsogozedwa ndi Walter Rauff, munthu amene anathandiza kukonza magalimoto ophera anthu ndi utsi ku Ulaya, ndipo Ayuda ngati 5,000 anatengedwa kukagwira ntchito yakalavulagaga. Mudzati ameneyo sanali wa Afrika Korps. Chabwino. Koma chitseko anamutsekulira ndani? Akasinja akanafika ku Cairo, Rauff akanatsalira m'mbuyo? Kafunseninso abusa a ziweto a kufupi ndi El Alamein. Mchenga umenewo anaudzala mabomba okwirira miyandamiyanda, ndipo mpaka lero anthu akuduka miyendo, ana obadwa dzana akuponda bomba la 1942. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Udzuwo ndi anthu a mu Africa, ndipo iwe wavala malaya a njovu.

Musandimve molakwa, sindikuti Angelezi anali angelo. Nawonso anali atsamunda, anatikhala pamsana ifeyo mpaka 1964, ndipo mabomba ena ali mumchengawo ndi awo. Koma kudana ndi mtsamunda mmodzi sikutanthauza kuti uvale chizindikiro cha munthu amene analemba poyera kuti wakuda si munthu wathunthu. Boma la Hitler linafula ana a makolo osakanikirana, obadwa kwa amayi Achijeremani ndi asilikali a ku Africa, kuti asadzabereke. Asilikali a Germany mu 1940 anapha akaidi akuda a gulu la France atakweza kale manja. Kamtanda kali pathunthu la kanjedza kaja katanthauza zimenezo. Sikatanthauza china. Ku Germany komweko ukakavala poyera apolisi amakunjata, ife kuno tikukayendetsa m'tauni monyadira, tikuti ndi fashoni.

Si athu. Sanakhalepo athu. Sanabwere chifukwa cha ife, sanatifunse, ndipo akanapambana bwenzi tikuwadziwa bwino. Dzina la Afrika analinyamula ngati mmene mlenje amanyamulira dzina la thengo limene akukasakako.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti asilikali athu enieni analipo pankhondo yomweyo ndipo palibe amawavala pachifuwa. Agogo athu a King's African Rifles (KAR) anachoka m'midzi ya Nyasaland kukamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia (Ethiopia), anapita ku Madagascar, anakafika mpaka ku Burma kukakumana ndi Ajapani m'nkhalango za mvula. Ena sanabwerere. Chipilala cha asilikali a KAR chili pa Zomba pomwepa, timangochidutsa pa minibasi tikuyang'ana foni. Ndi angati mwa inu anafunsapo kwawo ngati m'banjamo munali munthu amene anapita? Koma Rommel mukumudziwa mpaka dzina lake lamasewera.

Ndipo kaunjikayu nayenso watiwonjeza. Timangoti bola nsalu ndi yolimba, mtengo ndi wabwino, tatola. Zolembedwazo sitiwerenga. Mwezi wathawu ndinaona mayi wamkulu ndithu, waulemu wake, akuchokera ku maliro atavala juzi yolembedwa mawu otukwana amene sindingawalembe pano, ana asukulu akumuseka kumbuyo, popanda ndi mmodzi yemwe womunong'oneza. Foni muli nazo, bandulo mumagula tsiku lililonse kuti muonere anthu akuvina, kulemba mawu awiri okha kuti muone chimene mwavala ndiye kwakukanikani?