Chingwe cha HDMI chodula sichikongoletsa chithunzi

Abale, pa nkhani yolumikiza makina a DVD kapena Blu-ray ku TV, maganizo anga ndi akuti musataye ndalama pa chingwe cha mutu wagolide chimene wogulitsa akulumbira kuti chimawalitsa kanema. HDMI imanyamula chithunzi ndi mawu ngati manambala okhaokha, kapena kuti dijito. Akafika onse, chithunzi ndi chomwecho kaya chingwe ndi chotchipa kaya chodula. Akamasochera panjira mumaona timadontho toyera tikuthwanima, chithunzi chikudukaduka, kapena mdima bii. Chingwe cholembedwa High Speed cha mamita awiri chimakwanira 1080p, chithunzi cha mizere 1080. Cha Premium High Speed chimafunika ngati makina anu ndi a 4K, chithunzi cha mizere yambiri kuposa 1080p. Mtengo umayamba kukhala ndi tanthauzo chingwe chikatalika kufika mamita khumi, chifukwa waya wopyapyala amafooka pa mtunda wotere.

Polumikiza, zimitsani makina ndi TV yomwe. Kumbuyo kwa makina kuli bowo lolembedwa HDMI OUT, ku TV kuli HDMI 1, 2 kapena 3. Mutu wa chingwe uli ndi timapini 19 ndipo umalowa mbali imodzi yokha, choncho ukakana utembenuzeni, osakankha mwamphamvu. Ngati TV ili pakhoma, chingwe chisalendewere pabowo, kulemera kwake kumathyola bowolo pang'onopang'ono, ndipo kukonzetsa bowo n'kodula kuposa zingwe khumi. Yatsani TV kaye, sankhani nambala ya bowo lija ndi batani la Source kapena Input, kenako yatsani makina.

Kuyamba ndi TV kuli ndi chifukwa chake. Makina akangoyaka amafunsa TV kuti imatha kuonetsa zotani, kenako ziwirizi zimapatsana chizindikiro cha HDCP, chitetezo choletsa kukopera mafilimu. Kulonjerana kumeneku kukalephereka, TV imangolemba No Signal ngakhale zonse zili bwino. Zulani zonse pa soketi kwa mphindi imodzi, n'kuyambiranso. Ambiri apa amathamangira kukagula chingwe china pomwe chakalecho chilibe mlandu.

Vuto lina limabwera ngati makina anasiyidwa pa 1080p koma TV ndi yakale yosalandira zimenezo. Menyu simungaione, ndiye lumikizani kaye waya wakale wa AV, wa mutu wachikasu, lowani mu Setup, ikani HDMI Resolution pa Auto kapena 720p. Pomwepo ikaninso TV Aspect pa 16:9, apo ayi anthu azioneka onenepa kapena otalika ngati mitengo ya bulugamu. Koma musayembekezere zozizwitsa: chimbale cha DVD cha PAL, mtundu wa kanema wogwiritsidwa ntchito kuno, chili ndi mizere 576 basi. Mawu akuti upscaling pa bokosi amangotanthauza kutambasula mizereyo kuti idzaze sikirini. HDMI imachotsa kunjenjemera ndi kusakanikirana kwa mitundu kumene waya wachikasu amabweretsa, koma siisandutsa DVD kukhala Blu-ray.

Chithunzi chilipo koma mawu kulibe? Pitani ku Audio, sinthani kuchoka pa Bitstream kupita pa PCM. TV zambiri sizitha kumasulira mawu a mtundu wa DTS omwe amakhala pa zimbale zina, ndiye zimangokhala chete. Amene akugwiritsa ntchito sikirini ya kompyuta kudzera pa kamutu ka HDMI kupita ku DVI adziwe kuti DVI sinyamula mawu, masipika azilumikizidwa padera pa mabowo ofiira ndi oyera. Ngati muli ndi soundbar, sipika yaitali ya TV, bowo la pa TV lolembedwa ARC lisiyireni iyo.

Chimbale chikakanidwa ndi uthenga wa Wrong Region, chingwe sichikukhudzidwa. Zimbale ndi makina zinagawidwa m'zigawo za maiko, ndipo makina amatha kukana chimbale cha chigawo china. Pa DVD, South Africa ndi Britain zili m'chigawo 2, Malawi ndi Zambia m'chigawo 5, America m'chigawo 1. N'chifukwa chake makina obwera ndi achibale kuchokera ku Joni nthawi zina amakana chimbale chochokera kwina. Pa Blu-ray zinapepukirako, Africa ndi mbali yaikulu ya Ulaya zili m'chigawo B.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi tizingwe togulitsidwa pamsika tokhala ndi HDMI mbali ina, mitu itatu yachikasu, yofiira ndi yoyera mbali inayo. Patokha sitigwira ntchito, chifukwa mkati mwake mulibe chosandutsa analogi ya waya wachikasu kukhala dijito ya HDMI. Makina akale opanda HDMI amafuna kabokosi ka AV to HDMI kodya magetsi a USB, ndipo kamayenda njira imodzi, kolembedwa HDMI to AV ndi ka ntchito ina. Ngati TV yanu ikadali ndi mabowo a AV, lumikizani mwachindunji, kabokosiko sikawonjezera kanthu.

Ndalama yomwe mwapulumutsa pa chingwe mugulire choteteza magetsi akabwera mwamphamvu. M'dzinja mphezi zikayamba, zulani pulagi ndi chingwe cha HDMI chomwe, chifukwa moto wolowera pa eriyo kapena dikoda umatha kudutsa m'chingwemo n'kupsereza mabowo a zipangizo zonse ziwiri.