Kaladin sanafooke, anthu inu

Kuyambira pomwe buku la Brandon Sanderson lotchedwa Wind and Truth lidatuluka pa 6 Disembala 2024, okonda mndandanda wa mabuku ake a nkhani zopeka wotchedwa Stormlight Archive, womwe ili ndi buku lake lachisanu, sakupumitsana. Pa Reddit, pa YouTube, pa Goodreads, ndi mkangano wokhawokha. Ena akuti ili ndiye laposa mabuku onse asanu, ena akuti wolembayu wataya luso. Amene simunawerenge ndikuchenjezeni kuti ndiulula zina za m'katimu, ngakhale mathero enieniwo sindiwakhudza.

Madandaulo ena ndikugwirizana nawo, ndipo sindibisa. Bukuli ndi lalitali mopitirira: masamba opitirira 1,300, mawu pafupifupi theka la miliyoni, ndipo omvera pa audiobook amatha maola oposa 60. Nkhani yonse ikuchitika m'masiku khumi okha, kudikira mpikisano wa pakati pa ngwazi ya Dalinar, mfumu yotsogolera mgwirizano wa mayiko, ndi ngwazi ya Odium, mulungu wa chidani, koma pali mitu ina yomwe ikanachotsedwa palibe akanaisowa. Mtsutso wa mfumukazi Jasnah ndi Odium pa tsogolo la mzinda wa Thaylen City nawonso sunandikhutitse. Mayi yemwe takhala tikuuzidwa kuyambira 2010 kuti ndi katswiri wa maphunziro sakanagwidwa pakamwa mophweka choncho. Kayankhulidwe nakonso kasintha. Anthu a ku Roshar, dziko la mikuntho ndi malupanga amatsenga, nthawi zina akuyankhula ngati achinyamata a ku America a lero, ndipo nthabwala zina zikugwera pamalo pomwe munthu umafuna kuti pakhale bata. Amene akunena zimenezi akunena zoona. Ndipo inu amene mumawayankha kuti "simunalimvetse bukuli", siyani. Munthu amene wawerenga mabuku asanu akuluakulu chonchi sangakhale mdani wa nkhaniyi. Akudandaula chifukwa amaikonda.

Koma pali dandaulo limodzi lomwe likundiwawa, ndipo ndi lomwe landilembetsa zonsezi. Anthu ambiri akuti Kaladin, mmodzi wa anthu ofunika kwambiri m'nkhaniyi, wawonongedwa. Akuti msilikali wa mkondo uja, amene ankauluka m'mikuntho, amene adalumphira m'bwalo la nkhondo kukathandiza Adolin, mwana wa Dalinar, m'buku lachiwiri la Words of Radiance, wasanduka mlangizi wongoyenda pambuyo pa wakupha wotchedwa Szeth n'kumamufunsa za mumtima. Mawu akuti therapist, kutanthauza mlangizi wa za maganizo, atatuluka m'bukumo, intaneti yonse idaseka. Ambiri amafuna kuti buku lotseka gawo loyamba la nkhaniyi limupatse Kaladin nkhondo yaikulu kuposa zonse, ndiye poona kuti nthawi yambiri akuphika, akuimba chitoliro ndi kucheza ndi munthu wosokonezeka maganizo, akuti aberedwa.

Ine ndikufunsa: kodi timawerenga Kaladin yemweyo?

Kumbukirani mmene tidakumanirana naye m'buku loyamba la The Way of Kings. Ndi mwana wa Lirin, dokotala wa opaleshoni wa kumudzi, ndipo iye mwini adakula akuphunzira kusoka mabala. Adalowa usilikali pofuna kuteteza mng'ono wake Tien, koma Tien adafa iye akuona. Adagulitsidwa ukapolo, n'kuponyedwa m'gulu la onyamula milatho, anthu omwe ntchito yawo inali kuthamangira kutsogolo kuti mivi ya adani ithere pa iwo. Tsiku lina adaima m'mphepete mwa phompho ali wokonzeka kudziponyamo. Chomwe adachita atabwerera kuchoka pamenepo ndi chomwe chidatipangitsa ambirife kumukonda, ndipo sichinali kupha munthu. Adayamba kufunsa anzake a m'gulu lake lotchedwa Bridge Four mayina awo. Adayamba kukoka ovulala kuwachotsa pabwalo la nkhondo ndi kuwamanga mabala. Adasonkhanitsa amuna otaya mtima kuzungulira moto madzulo kuti adye limodzi chakudya chomwe mnzawo Rock ankaphika. Luso la mkondo lidabwera pamwamba pa zimenezi.

Kenako mu Rhythm of War ya 2020, Dalinar adamuchotsa kutsogolo kwa nkhondo chifukwa maganizo ake anali atatopa, ankangouma thupi pakati pa nkhondo. Ndi m'buku lomwelo mmene Kaladin adapeza kuti anthu odwala maganizo amatsekeredwa m'zipinda zamdima aliyense payekha, chifukwa asing'anga a nthawiyo ankakhulupirira kuti ndiwo mankhwala ake. Adawatulutsa, adawakhazika pamodzi padzuwa kuti azilankhulana. Lumbiro lake lachinayi, mwa malumbiro omwe amamupatsa mphamvu zake, lidali lovomereza kuti alipo anthu ena omwe sangathe kuwateteza. Ndiye munthu amene wayenda njira yonseyi, mumafuna kuti buku lachisanu limubweze kumene adachoka, akangobaya adani ochuluka kuposa kale? Pamenepo ndiye Sanderson akanakhala kuti watinamiza zaka 14.

Taonaninso munthu amene wapatsidwa kuti ayende naye ku Shinovar, dziko lomwe Szeth adachokera. Szeth ndi amene adapha mfumu Gavilar koyambirira kwenikweni kwa nkhaniyi. Adapha mafumu ndi anthu osawerengeka akulira mumtima, chifukwa anthu akwawo adamuweruza kuti ndi wopanda choonadi ndipo ayenera kumvera aliyense wogwira mwala wake wa lumbiro. M'buku lino tikuona ubwana wake: kamnyamata koweta nkhosa, kokonda kuvina, komwe kankangofuna kuti wina akauze chabwino ndi chiti. Munthu wotere simungamupulumutse pomugonjetsa pa nkhondo. Kaladin adamugonjetsa kale mu Words of Radiance, ndipo sizidachiritse kanthu. Chomwe Szeth sadachitepo moyo wake wonse ndi kusankha yekha, ndipo ntchito ya Kaladin paulendowu ndi kukana kumusankhira ngakhale Szeth akuchita kupempha kuti alamulidwe. Kwa munthu ngati Kaladin, yemwe chibadwa chake ndi kuthamangira kukanyamula mtolo wa wina aliyense, kudziletsa kumeneku n'kovuta kuposa kumenyana ndi gulu la asilikali.

Sindikunena kuti zonse zidalembedwa bwino. Masiku khumi ndi ochepa kuti mabala a zaka zambiri ayambe kupola, ndipo nthawi zina anthu a m'bukumu amatchula phunziro lawo mokweza ngati akuwerenga pa bolodi m'kalasi. Sanderson akanatikhulupirira owerengafe kuti tiona tokha. Koma kulemba mosasamala chiganizo ndi nkhani ina, kulakwitsa njira ya munthu ndi nkhani inanso. Odandaula ambiri asakaniza ziwirizi. Akwiya ndi mawu amodzi, n'kutaya nawo limodzi chinthu chomwe mabuku anayi akhala akumanga.

Ndipo ndinene chifukwa chomwe nkhaniyi ikundikhudzira chonchi. Ife tidakula tikumva kuti mwamuna salira. Apolisi kuno kwathu akatulutsa chiwerengero cha anthu odzipha, ochuluka amakhala amuna, ndipo pamaliro timangonong'onezana kuti koma sankaoneka ngati ali ndi vuto. Nkhani zambiri zongopeka zomwe anyamata amawerenga ndi kuonera zimawaphunzitsa kuti ululu wa mumtima umatha ukapeza mdani woti umumenye. Apa pali wolemba amene mabuku ake amagulidwa ndi anthu mamiliyoni, watenga msilikali wake wokondedwa kwambiri n'kunena kuti matenda okhumudwa sachoka chifukwa wapambana nkhondo, amabwerabe, koma munthu angaphunzire kukhala nawo ndi kuthandizanso mnzake. Owerenga ambiri akhala akulemba poyera kwa zaka kuti Kaladin adawathandiza kupirira nthawi yomwe iwonso adaima pa phompho lawo. Mukamaseka kuti wasanduka mlangizi, dziwani kuti anthu amenewo akuwerenga ndemanga zanuzo.

Ofuna nkhondo sadamanidwe. Gawo la Adolin poteteza mzinda wa Azimir ndi limodzi mwa magawo omwe ngakhale odandaula akuvomereza kuti lidalembedwa mwaluso, ndipo ndi lodzaza ndi malupanga, njala ya tulo ndi kutha kwa chiyembekezo. Sanderson sadaiwale kulemba nkhondo. Adangosankha kuti asaipereke kwa Kaladin, ndipo adasankha akudziwa.

Ndikuganiza kuti china chomwe chikukulitsa mkwiyo ndi kudikira komwe kuli kutsogoloku. Mabuku anayi oyamba adatuluka mu 2010, 2014, 2017 ndi 2020, ndiye tidazolowera kuti pakapita zaka zitatu kapena zinayi tilandira lina. Tsopano Sanderson wanena kuti ayamba walemba mabuku ena a Mistborn ndi a Elantris, ndipo buku lachisanu ndi chimodzi la Stormlight silibwera mpaka zaka za m'ma 2030. Munthu ukadziwa kuti ukhala ndi buku limodzi zaka zonsezo, chilema chilichonse chimaoneka chachikulu. Ndikumvetsa. Komatu ili si buku lomaliza, ndi lachisanu mwa khumi.

Ndipo tayang'anani amene akubwera m'mabuku asanu otsalawo. Sanderson adanena kale kuti awiri mwa anthu omwe tidzaone mbiri yawo ndi Taln ndi Ash, a m'gulu la ma Herald, anthu khumi osafa aja omwe ankazunzidwa kudziko lina lotchedwa Braize pakati pa nkhondo iliyonse ndi inzake. Taln adasiyidwa yekha kumeneko zaka zoposa 4,000, ndipo adabwerako akungobwereza mawu omwewo, osazindikira amene ali naye pafupi. Ma Herald ena, Ishar, Nale ndi anzawo onse, mitu idasokonekera. Amenewa ndiwo akuyenera kudzaima pa nkhondo ikubwerayo, ndipo ku Roshar konse munthu amene wayamba kuphunzira kulankhula ndi anthu osweka chonchi ndi mmodzi yekha, mwana wa Lirin.