Amuna a kuno ku Chigwa, musathamangitse mkazi musanakayezetse

Ndakhala nkhoswe ya maukwati ambiri kuno kwa Ngabu, ndipo pali mlandu umodzi umene wanditopetsa. Pakatha zaka ziwiri khanda osalira m'nyumba, mwamuna amabwera atafufuma: "Ankhoswe, mkaziyu ndi chumba, abwerere kwawo." Ndikamufunsa ngati iyeyo anapondako kuchipatala, amandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi ake.

Ana anga, tamverani. Achipatala amati pa mabanja osowa mphatso ya mwana, pafupifupi theka vuto limakhalanso kwa mwamuna. Kugwa m'papaya ndi nkhani ina, kusabereka ndi nkhani inanso. Tambala akhoza kulira bwinobwino usiku uliwonse, koma mu umuna mwake muli mbewu zochepa, zofooka, kapena mulibiretu.

Ndiyambe ndi madzi athuwa. Tonse tinakulira mu Shire, kuwedza ku dambo la Elephant Marsh, kusambira m'ngalande za mthirira ku Nchalo. M'madzi odikha ndi momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ife tili ana, mnyamata akakodza magazi akuluakulu ankaseka, amvekere wakula ameneyu. Kunali kusadziwa kumeneko, ndipo zimandiwawa kuti mpaka lero ena akunenabe zomwezo. Mazira a tizilombo ta likodzo sathera m'chikhodzodzo mokha, amakafikanso m'ziwalo zimene umuna umadutsa, n'kumatupitsa ndi kusiya zipsera. Ena mumaona magazi mu umuna, n'kungokhala chete chaka ndi chaka. Chonsecho mankhwala ake, praziquantel, ndi aulere m'zipatala za boma. Akamagawa m'midzi mumati ndi za ana asukulu. Mukudzipusitsa nokha.

Tsono inu amene mukalandira ndalama za nzimbe kapena za thonje mumasowa masiku atatu pa Dyeratu, pa Bangula kapena ku Marka. Mukabwerako mafinya akutuluka, pokodza pakuwotcha, manyazi amakugwirani. Mumagula makapisozi awiri pamsika, mafinya akaleka basi mwati ndachira. Chinzonono chosachizidwa bwino chimalowerera mpaka kumachende n'kutseka timisempha todutsa mbewu. Choipitsitsa, mumakampatsira mkazi wanu wosalakwa, nayenso njira zake n'kutsekeka. Kenako ndinu nomwe oyamba kumutchula chumba pamaso pa abale. Mulibe manyazi?

M'munda wa thonje namo ndimakuonani. Kupopera mankhwala chifuwa chili pamtunda, kusungunula ndi dzanja, kabudula atanyowa ndi zodontha pa sipuleya, kenako kudya nsima osasamba ndi sopo. Mankhwala ena ophera tizilombo amaononga mbewu ya mwamuna, ndipo amalowa kudzera pakhungu.

Namalenga anaika machende kunja kwa thupi chifukwa amafuna pozizirirapo. Kuno mu Okutobala kumatentha kupitirira madigiri 40, inu n'kuvalanso jinzi yothina ngati yobwereka, tsiku lonse muli pa njinga yamoto. Onjezani kachasu wa m'mamawa, fodya ndi chamba. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, choncho amene wasiya zimenezi adikire miyezi itatu, asayembekezere kusintha mawa lomwe.

Makolo, mnyamata wotha msinkhu akadwala matsagwidi machende n'kutupa, thamangirani naye kuchipatala, chifukwa nthendayi nthawi zina imasiya chilema chimene chimadzaoneka atakwatira. Kutupa kulikonse kumeneko si kobisa mu thalauza lalikulu.

Safunsa anadya phula. Gondolosi amene mumatafuna pamsikayo sangatsegule msempha wotsekeka. Ndipo zoti achibale akhale pansi mobisa n'kulowetsa fisi m'nyumba kuti abereketse mkazi wa mwiniwake, zilekeni. Mukuitana HIV ndi manja anu, ndipo mukumusandutsa mwana wa eni ake ngati mbuzi yobwereketsa.

Chaka chikatha muli limodzi popanda pathupi, nyamukani nonse awiri, osati kutuma mkazi yekha. Yambirani pa chipatala cha Chikwawa kapena cha Nsanje. Akaona kuti pakufunika kuunika kwambiri, akutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuyeza umuna kulibe jakisoni kapena mpeni: amakupatsa kabotolo, n'kukuuza kuti ukhale masiku angapo osagona ndi mkazi usanabwere nako.

Kuyambira lero, wobwera pakhomo panga ndi dandaulo loti mkazi sakubereka abwere ndi buku lake lakuchipatala m'manja. Popanda bukulo, mlanduwo ine sindiukhalira pansi.